Mapiritsi a Pansi pa Mwezi

Jimu anafika pa polisi ya pa Neno boma Lachitatu m'mawa, fumbi litamuyeretsa mpaka nsidze. Sanadikire kupatsidwa mpando. Anaponya kajumbo ka mankhwala patebulo pa Sajeni Estere Mbendera ngati akuponya khoswe wakufa.

"Chiphe ndi ichi, bwana. Kamangeni kadokotala kaja."

Estere anali atagwira upolisi zaka 17, ndipo ankadziwa kuti munthu wobwera ndi dzina la wolakwa m'kamwa amakhala atasiya theka la nkhani kunyumba.

"Khalani kaye pansi, bambo. Ndinu ndani, ndipo waphedwa ndani?"

"Ndine Jimu. Sanafe ayi, koma kusiyana kwake n'kochepa. Ndi achimwene anga a Gerishon, ootcha nkhumba pamsika wa kwathu kumtunda. Lolemba anagwa pambali pa moto, mpeni uli m'manja. Panopa ali pachipatala chachikulu apa. Mbali yakumanja yafa yonse, pakamwa papotoka. Munthu woti akatukwana msika wonse unkamva, lero akungotulutsa malovu."

"Sitiroko?"

"Akutero. Koma sitirokoyo yachokera kuti? Achimwene akhala ndi shuga ndi bipi zaka zisanu ndi chimodzi, akuonedwa ndi a Lameck pa kachipatala kathu, popanda vuto. Chaka chino kwabwera kamtsikana kakumpoto, eti Lusungu. Kangofika n'kuwawonjezera mapiritsi ochotsa mafuta m'magazi. Magaziwo osayeza n'komwe! Mafutawo kanawaona ndi maso? A Lameck enieniwo anena pagulu kuti iwo sakanapereka."

"Mwadziwa bwanji kuti ndi mapiritsi amenewa?"

"Ndi a usiku. Achimwene ananena okha kuti a usiku ndi a mafuta. Ndipo chiyambire kumwa," Jimu anatsitsa mawu, "akapita kuseri, zimatuluka zakuda ngati makala. Si chiphe chimenecho?"

Estere anatenga kajumboko. Kanali ka mtundu uja wa m'zipatala, ka zithunzi zinayi zothandiza osadziwa kuwerenga: dzuwa likutuluka, dzuwa lili pamutu, dzuwa likulowa, ndi mwezi. Dzina la mankhwala linali litafufutika. Manja a munthu wootcha nkhumba sauma mafuta, ndipo inki inali itasanduka chithunzithunzi chotuwa. Chimene chinatsala chinali kaziro kakang'ono pansi pa mwezi, kolembedwa ndi bolopeni mokanikiza kwambiri mpaka pulasitiki inatupa kuseri.

Anakhuthulira mapiritsi atatu m'dzanja. Anali ang'onoang'ono, ofiirira ngati dothi la katondo. Anawanunkhiza. Fungo la msomali wadzimbiri lija linamubweza kusikelo, komwe anapita ndi mimba zitatu, n'kumamwa tinthu tomweti akuchita tsinya.

"Bambo Jimu," anatero modekha, "achimwene anuwo ali ndi pakati?"

"Mukuti chiyani?"

"Chifukwa awa si ochotsa mafuta. Awa ndi owonjezera magazi, a amayi oyembekezera. Ndi amene amadetsa kuseri kuja."

Jimu anakoka mpando, n'kukhala pansi kwa nthawi yoyamba chilowere mu ofesimo.

* * *

Nkhani inali itasintha. Dokotala wopereka mankhwala oti anzake sakugwirizana nawo apolisi samumanga. Koma ngati m'kajumbo ka mankhwala ena muli ena, ndiye kuti pali amene wachotsa enieniwo, ndipo kuba mankhwala a odwala ndi mlandu wa ndende. Estere ananyamuka Lachinayi dzuwa likutuluka pa njinga yamoto, kukwera zitunda, akulambalala ngolo za kachewere ndi amayi osenza manachesi omaliza a chakacho.

Estere anamupeza Lusungu kuseri kwa kachipatalako, kunyumba za ogwira ntchito, akuchapa yunifolomu yomwe sankaivala. A Lameck, omwe anali mkulu wa pachipatalapo, anali atamuuza kuti akhale kaye pakhomo mpaka anthu atazizira mitima. Anali mtsikana wochepa thupi, wolankhula mofulumira ngati akuopa kuti amudula.

"Ndikudziwa zimene akunena pamsika," anatero akupukuta manja. "Akuti ndinabwera kudzayesera mankhwala pa anthu. Dzulo mayi wogulitsa tomato wakana kulandira chilichonse chochokera m'manja mwanga."

"N'zoona kuti simunayeze magazi?"

"N'zoona. Makina oyezera mafuta a m'magazi kuno kulibe. Koma malangizo atsopano akuti munthu wa shuga wopitirira zaka makumi anayi apatsidwe masitatini, ochotsa mafuta aja, kaya wayezedwa kaya ayi. A Gerishon ali ndi zaka 58, shuga, bipi, fodya, ndipo amadya zimene amagulitsa. Munthu ngati ameneyo mukudikira kuyeza chiyani? Mukudikira agwe."

"Wagwabe."

"Wagwabe," anavomera Lusungu, maso ali pansi. "Mankhwala amachepetsa ngozi, sayithetseratu. Koma kuti ndi amene amugwetsa, ayi. Ndikhoza kulumbira."

"A Lameck akuti chiyani?"

"Ine ndi a Lameck takangana za mapiritsi amenewa chifikireni changa. Iwo akuti malangizowo analembera anthu a m'tauni. Mawa kuli msonkhano ku boma, madokotala a m'zipatala zing'onozing'ono tonse, woti tigwirizane chochita. Nkhani ya a Gerishon yafika pa nthawi yabwino kwa ena."

Estere anatulutsa kajumbo kaja n'kutsanulira mapiritsi pachivundikiro cha ndowa. Lusungu anawerama, kenaka anadzuka msangamsanga.

"Awa ndi a kusikelo! Atani m'menemu?"

"Ndabwerera funso lomwelo. Amalongedza mankhwala ndani?"

"Lachinayi, tsiku la shuga ndi bipi, aliyense woona wodwala amalongedza yekha." Anaima pang'ono, atamva kulemera kwa zimene wanena. "Bwana, ine ndinawapatsa enieni. Mu Epulo ndi mu Meyi, mwezi umodzi umodzi. Otuwira kofiira pang'ono, ngati mkati mwa gwafa. Mu Juni ndinali kwathu ku Rumphi, kumaliro a bambo anga aang'ono. Chibwerereni sindinawaonenso."

Estere anang'amba pepala m'kabuku kake, najambulapo mwezi. "Tandilemberani apa mmene mumalembera kuti munthu amwe limodzi usiku."

Lusungu anadabwa, koma analemba. Anakoka kamzere kamodzi koongoka, nambala wani, mopepuka.

"Mumalemba chonchi nthawi zonse?"

"Nanga n'kulemba bwanji?"

Estere anapinda pepalalo n'kuliika m'thumba.

* * *

Pakhonde la chipatala panali mzere wa okalamba, aliyense atagwira buku lake lakuchipatala. A Lameck anali m'kachipinda ka kumapeto, bambo wa imvi, magalasi ali pansonga ya mphuno, wodziwa wodwala aliyense ndi dzina la mudzi wake. Anamulozera Estere benchi.

"Mundilole ndimalize ndi agogo awa, mwanangu. Achoka kutali."

Estere sanadandaule. Anakhala n'kumayang'ana manja. A Lameck anathira mapiritsi m'kajumbo, analemba dzina ndi cholembera chakuda, kenaka anatenga bolopeni m'thumba la malaya. Pansi pa dzuwa lotuluka anajambula kaziro, akukanikiza ngati bolopeniyo yawalakwira.

"Kamodzi m'mawa, agogo. Kaziro aka ndi piritsi. Mwaliona? Likufanana."

Agogowo atatuluka, a Lameck anavula magalasi.

"Za Gerishon, eti? Zachisoni. Mwana uja Lusungu sindikumuda ayi, ndi wanzeru. Koma nzeru za m'buku zimafuna kuziphika kaye. Ine ndagwira ntchito kumapiri kuno zaka makumi atatu. Anthu anga amakwera zitunda ndi thumba la chimanga pamutu. Uwapatse mapiritsi oti ena amawapweteketsa akatumba, mawa alephere kupita kumunda, akuuza chiyani? Ataya onse, ndi a shuga omwe. Munthu wa mapiritsi awiri amamwa. Wa mapiritsi anayi amasankha yekha oti asiye. Ndiye upereke osayeza? Ine ndimati tiyeze kaye, kapena tisungire amene anagwapo kale."

"Lusungu akuti kudikira kuti munthu agwe ndiko kulakwa."

"Akutero amene analemba malangizowo. Sanafikeko kuno."

"A Gerishon munawaona liti komaliza?"

"Gerishon ndi wodwala wa mwana uja tsopano."

"Sindinafunse kuti ndi wa ndani."

A Lameck anapukuta magalasi ndi nsonga ya malaya, pang'onopang'ono. Estere anaika kajumbo kaja patebulo, chala chake chili pa kaziro ka pansi pa mwezi.

"Lusungu amalemba wani. Kaziro n'kanu."

"Oho. Mwina ndinamuona mu Juni, mwana uja ali kumaliro. Inde, ndakumbuka. Ndinamupatsa a miyezi itatu, kuti asamavutike kusiya moto wake pamsika."

"Munamupatsa chiyani?"

"Zimene zalembedwa m'buku lake."

"Khadi lake la pano lili kuti?"

"Makadi a shuga apita ku boma, kaamba ka msonkhano wa mawa."

Estere anatsegula kajumbo n'kukhuthula. A Lameck anavala magalasi, anayang'ana, nkhope yawo n'kusintha. Anatenga piritsi limodzi n'kuliyika pafupi ndi diso.

"Owonjezera magazi? Ine? Mwanangu, zaka makumi atatu sindinasokonezepo awa ndi ena. Awa amakhala kuchipinda cha amayi, kuno safika n'komwe."

Estere anali ataona anthu ambiri akunamizira kudabwa. Uku kunali kudabwa kwenikweni. A Lameck sanaike mapiritsi a kusikelo m'kajumbomo. Koma anaonanso china. Funso loti anamupatsa chiyani Gerishon, mkuluyo anali atalizemba.

* * *

Ngati mapiritsi sanasinthidwe kuchipatala, anasinthidwa kunyumba. Nyumba ya Gerishon inali kumunsi kwa msika, ya malata, khola la nkhumba lili kuseri. Pakhonde panakhala mtsikana akusenda nandolo, miyendo atatambasula. Estere atangoona mimbayo anadziwa kuti ulendo wake sunapite pachabe.

Anali Jessie, mwana wa Gerishon, yemwe anabwerera kwa makolo ake kudzadikirira mwana woyamba.

"Miyezi ingati?" anafunsa Estere akukhala pambali pake n'kutola nandolo wowerengeka kuti athandize.

"Isanu ndi itatu, bwana. Ndatopa. Kamwanaka kamamenya ngati kakufuna kutuluka ndi nthiti."

"Tija ta kusikelo mukumwa?"

Jessie anaseka mwamanyazi. "Musakandinenere. Timandichititsa nseru. Ndinamwa sabata imodzi basi."

"Ndiye mumataya?"

"Amayi angalole? Iwo amati mankhwala satayidwa. Ndikangobwera kusikelo amalanda kajumboko, akuti akundisungira."

"Kuyambira liti?"

"Kalekale. Chimanga chisanaume."

"Ababa anu mankhwala amatenga okha?"

"Ababa? Iii! Ababa akachoka kuchipatala amangoponya jumbo patebulo. Amayi ndi amene amawaikira pa sosala, m'mawa ndi madzulo. Ababa amangokhuthulira m'kamwa osayang'ana, akukamba za mitengo ya nkhumba."

Estere anabweza makoko m'lichero n'kudzuka. "Amayi ali kuchipatala ku boma?"

"Ee, kumagadiyani. Kodi alakwa chiyani?"

"Inu yambani kumwa tija," anatero Estere akukwera njinga. "Nseru siipha."

* * *

Estere anamupeza Stelia, mkazi wa Gerishon, madzulo dzuwa likadalipo, kuseri kwa chipatala chachikulu komwe odikirira odwala amaphikira ndi kuchapa. Anali mayi wamtali, wouma thupi, akuyanika chitenje pa waya. Ataona yunifolomu sanathawitse maso. Anamaliza kuyanika, anapukuta manja, n'kulozera mwala pansi pa mtengo wa mango.

"Alamu anga a Jimu akutumani?"

"Andituma kukamanga dokotala. Ndadutsa kwanu, ndacheza ndi Jessie."

Stelia anakokera dengu pafupi. Kenaka anamasula kathumba komwe kanali m'dengu lake, pansi pa mbale ndi sopo, n'kutulutsa botolo loonekera mkati lomwe kale munali mafuta odzola. Linali lodzaza mapiritsi.

"Ndinabwera nalo kuopa kuti a Jimu asecha m'nyumba. Onse ali momwemu, palibe limene ndataya kapena kugulitsa. Mtsikana uja musamumange. Sanalakwe."

"Chifukwa chiyani, mayi?"

"Inu ndinu wa kuno?"

"Ndine wa ku Lisungwi."

"Ndiye mukukumbuka zaka zija anthu ankatha. Mwamuna wanga woyamba, a Adam, anabwera kuchokera ku Blantyre ali munthu wa thupi lake. Chaka chisanathe ndinkawanyamula ndekha ngati mtolo wa nkhuni. Atamwalira, ndikatunga pamjigo, wobwera pambuyo panga ankatsuka chogwirira. Ine ndili pa mankhwala otalikitsa moyo zaka makumi awiri tsopano, sindibisa. A Gerishon anandikwatira akudziwa. Iwo alibe, timayezetsa chaka ndi chaka. Koma abale awo anati, tiona, pomatha zaka ziwiri akhala ngati bango."

Anatembenuza botolo m'manja.

"Ndiye ine ndinawadyetsa. Mimba ija mukaiona, ndi ntchito yanga. Ndi imene inatseka anthu pakamwa. Mwamuna wanga akamadutsa pamsika malaya osamangika mabatani, palibe amene akanandiloza chala. Ndiye tsiku lina abwera akuseka, eti Stelia, andipatsa ochotsa mafuta, a usiku awa. Ochotsa mafuta! Ine ndinagona osaona tulo. Munthu wa shuga akangoyamba kuonda, ndani akanati ndi mapiritsi? A Jimu akanakhala oyamba kunena kuti mkazi uja wamaliza ntchito yake."

"Bwanji simunawauze kuti asiye?"

"A Gerishon mungawauze? Akanati ukudziwa kuposa dokotala. Ndiye ndinkachotsa a pansi pa mwezi, n'kuikamo a Jessie. Ndinati owonjezera magazi sangapweteke munthu. A shuga ndi ena onse sindinakhudze, Mulungu ndi mboni."

Estere anatenga botolo n'kulikweza kudzuwa. Anali wokonzeka kulemba kuti nkhani yatha, palibe wakuba, pali mkazi wamantha basi. Koma maso ake anaima. Pansi pa botolo panali mapiritsi otuwira kofiira, ngati mkati mwa gwafa, monga ananenera Lusungu. Pamwamba pake, kuposa theka la botolo, panali ena oyera mbee.

"Oyerawa ndi ati?"

"Omwewo. A pansi pa mwezi, amene anabwera nawo mu Juni, ambirimbiri. Mankhwala amasintha mtundu, bwana. Anga asintha kanayi chiyambire."

"Buku la a Gerishon lili kuti?"

Stelia analitulutsa m'dengu momwemo, litakulungidwa mujumbo ya shuga. Estere anatsegula tsamba lomaliza. Sanamve mawu onse a chidokotala, koma anaona deti la mu Juni, dzanja lokanikiza lija, ndi mzere wokhwatcha dzina limodzi la mankhwala.

"Mawa m'mawa ndidzakutengani," anatero. "Botololi ndi bukuli zigona kwa ine."

* * *

Msonkhano wa madokotala unali woti uyambe naini koloko. Estere anawadikira pageti. A Lameck anafika ndi chikwama cha mapepala, Lusungu anatsika minibasi ina payekha. Anawalowetsa m'kachipinda kopanda anthu pafupi ndi holo. Stelia anakhala pampando wa pakhomo, kapu ya phala la mwamuna wake yovundikira ndi mbale ili pamiyendo.

Estere anafotokoza mwachidule za mapiritsi a Jessie, n'kuika botolo pakati pa tebulo.

"Apansiwa ndi anu, a Lusungu?"

"Ndi amenewo. Masitatini."

"Apamwambawa?"

Lusungu anatsegula, anatenga limodzi, analitembenuza kuti aone zilembo zake. Anayang'ana a Lameck.

"Awa ndi a bipi."

"Sizingatheke," anatero Stelia ali pakhomo. "A bipi ndi a m'mawa. Sindinawakhudze."

Estere anatsegula buku n'kulikankhira kwa a Lameck. "Tiwerengereni, bambo. Ndi dzanja lanu."

A Lameck sanayang'ane bukulo. Analidziwa.

"Anabwera mu Juni akudandaula akatumba a m'miyendo," anayamba ndi mawu otsika. "Ndinamusiyitsa masitatini. Anatinso a bipi akamwa m'mawa amachita chizungulire pamoto paja, ndiye ndinawasamutsira usiku. Ndinamufotokozera iyeyo bwinobwino. Anavomera."

"Kunyumba sananene," anatero Estere. "Anangoponya jumbo patebulo. Mayiwa anapeza kajumbo ka pansi pa mwezi monga mwa masiku onse, n'kuchotsamo zimene zinalimo. A Gerishon akhala miyezi itatu osamwa a bipi."

Panja wina ankakoka mipando ya msonkhano.

Lusungu ndiye anayamba, ndipo ulendo uno analankhula pang'onopang'ono.

"Munawasiyitsa mu Juni. Lolemba a Jimu akukuwa pachipatala kuti mapiritsi anga apha munthu, inu munkadziwa kuti munthuyo sakuwalandira n'komwe. Munandiuza kuti ndikhale pakhomo."

"Ndimafuna msonkhano udutse kaye."

"Kuti mukanene kuti taonani zimene zachitika kwathu?"

A Lameck anavula magalasi, koma sanawapukute. Anangowagwira.

"Ndinati ndikonza pambuyo. Ndinkakhulupirira kuti a bipi akumwa, ndipo kugwako kwangobwera. Za botololi sindinadziwe."

"Inunso munasintha osandiuza," anatero Lusungu, "ineyo ndinayambitsa osakuuzani. Takhala tikukangana pamutu pa munthu."

"Za inu awiri akaweruza akuluakulu anu," anatero Estere akutseka kabuku kake. "Ine ndilemba kuti palibe mankhwala abedwa, palibe chiphe, ndipo a Lusungu alibe mlandu. A Jimu ndikawauza ndekha, pamsika pomwepo, kuti wa tomato amve nawo. A Lameck, mukalowa mu holomo mukanene za mu Juni ndi pakamwa panu. Mukapanda kutero, lipoti langa likanena."

A Lameck anagwedeza mutu movomera.

Stelia anali asanasunthe. Anaika dzanja pa mbale yovundikira phala ngati ikufuna kuuluka.

"Adokotala achitsikana," anaitana. "Ndiye kuti ndawagwetsa ndine?"

Lusungu anayang'ana Estere, koma Estere sanamuthandize. Funsolo silinali la polisi.

"Sindingakunamizeni, mayi. Miyezi itatu popanda a bipi ndi yambiri. Mwina akanagwabe. Mwina ayi. Palibe amene angadziwe."

Stelia analandira mawuwo osaphethira, monga analandirira ena ambiri m'moyo wake.

"Chabwino. Ndifunsenso chimodzi. A mafuta aja, munthu akamamwa, amaonda pakapita nthawi yaitali bwanji?"

"Saonda, mayi."

"Mwati?"

"Saonda ngakhale pang'ono. Mafuta ake si a mimba kapena a m'masaya. Ndi ena, a m'kati mwa mitsempha, osaoneka ndi maso. Thupi limakhala chimodzimodzi."

Stelia anayang'ana Lusungu, kenaka a Lameck.

"Nanga bwanji mumawatcha ochotsa mafuta?"

Madokotala awiri aja, omwe anali ndi mfundo zodzaza chikwama zokanena mu holo, anayang'anana. Wina anagogoda pachitseko kuti msonkhano ukuyamba.

Stelia anadzuka, anakonza chitenje chake, n'kunyamula kapu ija ndi manja awiri.

"Ndipite, phala likuzizira," anatero. "Amameza movutika, supuni zitatu basi. Masiku anayi okha, koma ayamba kale kuonda."